Bracken akalanda nkhalango: mmene mungamufooketsere, ndi nkhani ya pepala lopopera mankhwala

Izi ndikulembera anzanga a kumtunda kwa Nkhotakota, inu amene muli ndi nkhalango ya m'mudzi kapena kamunda ka mitengo mbali zokwera cha ku Ntchisi ndi m'mapiri a ku Dwambazi. Kunyanja kuno, ku Linga kapena cha ku Chia, vutoli silikukhudzani kwenikweni, koma mbali ya kupopera mankhwala ndi ya aliyense, ndiye musathawe.

Bracken ndi chomera chija chopanda maluwa komanso chopanda zipatso, tsamba lililonse limatuluka palokha m'nthaka pa kaphesi kolimba, likamatuluka limakhala lopindika kunsonga kenako n'kumatambasuka mpaka kukhala chitsamba chotambalala chogawikagawika timasamba ting'onoting'ono. Pamalo pabwino amafika m'chiuno, pena kupitirira munthu. M'mabuku a zankhalango amalemba Pteridium aquilinum. Amakonda kokwera, kozizirako, makamaka pomwe mitengo inagwetsedwa ndipo moto umadutsa chaka ndi chaka. Ku Nyika walanda malo ambiri omwe kale kunali msipu wa nyama, moti a kupaki akulimbana naye mpaka pano.

Chinthu chimodzi mukachimvetsa, zina zonse zikhala zophweka: chomwe mukuona pamtundacho si chomera chenicheni. Mwini wake ali pansi. Kunsi kwa nthaka kuli mizu yakuda, yokhuthala ngati chala, yoyenda chopingasa mamita ndi mamita, ina yozama mpaka theka la mita, ndipo imasunga chakudya mmene chimasungira chinangwa. Masamba ntchito yake ndi kungotola dzuwa n'kutumiza chakudya kumizuko. Ndiye mukatchetcha kamodzi n'kupita kunyumba kuti ntchito yatha, mizu ija imangotulutsa masamba ena, siinamve kanthu. Nkhondo yonse ndi yomana mizuyo chakudya mpaka ithe mphamvu, ndipo zimenezi sizitheka chaka chimodzi ayi, werengerani zaka 3 mpaka 5, pena kupitirira.

N'chifukwa chiyani tivutike naye? Poyamba amaphimba mbande. Mwadzala mbawa kapena paini mu Januwale, pofika Malichi mbande zija zili mumdima, zatalika mwa njala ya dzuwa, zofooka, ndiye masamba a bracken akauma amagwera pamwamba pake n'kuzithyola. Ngakhale timitengo tomera tokha ta msuku ndi mombo sitituluka pansi pa chinyalala chake. Chachiwiri ndi moto, masamba ake ouma amayaka koopsa mu Sepitembala ndi Okutobala, moto wake ndi uja wopsereza mitengo mpaka kunsonga. Chachitatu, ndipo ichi anthu ambiri sachidziwa, ali ndi poizoni. Ng'ombe zikamadya kwa nthawi yaitali, makamaka msipu ukasowa, zimayamba kukodza magazi, zina kutuluka magazi m'mphuno n'kufa. Nkhumba nazo zikadya mizu yambiri zimadwala. Anthu musayese kuthyola nsonga zanthete zija kuti ndi ndiwo, muli mankhwala oyambitsa khansa. Nkhupakupa nazonso zimakonda kubisala mommo.

Yambani ndi kuyendera malo, komanso kudziwa mwini wake

Musanagwire chikwakwa, dziwani kaye kuti nthakayo ili m'manja mwa ndani. Ngati ndi nkhalango ya m'mudzi, nkhani iyambire kwa amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe ija ya VNRMC, mugwirizane pagulu, chifukwa ntchito ya zaka zisanu munthu mmodzi sangaikwanitse ndipo mawa wina adzayatsa moto posaka mbewa n'kuononga zonse. Ngati ndi nkhalango ya boma, ndi za a Forestry, pitani ku ofesi yawo ku boma. M'kati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve, momwe a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015, musalowemo n'komwe ndi sipuleya kapena chikwanje, olo muone bracken wadzadza kuseri kwa waya, si zanu zimenezo.

Mukatero yendani malo onse. Onani pomwe wathithikana mpaka munthu osadutsa, pomwe wangoyamba kulowa, pomwe pali mbande, pomwe pali kamtsinje kapena chitsime, pomwe pali ming'oma ya njuchi, pomwe azimayi amazula bowa. Khomani zikhomo m'malire mwake ndipo jambulani pa foni, chaka chamawa mudzafuna kudziwa ngati akubwerera m'mbuyo kapena akubwerabe. Ine ndimalangiza kuyambira m'mphepete momwe akulowera kumene komanso pomwe pali mbande, osati pakati pa chithukuluzi. Pakatipo padikire, sipathawa.

Ndipo si paliponse pofunika kumuchotsa. Pamalo otsetsereka kwambiri, pomwe palibe mtengo ndi umodzi womwe, bracken yemweyo ndi amene wagwira dothi. Mukamupha yense nthawi imodzi mvula ya Febuluwale idzakokolola dothi lonse kupita nalo ku mtsinje wa Bua. Pamenepo muzilambula timipata tokha todzalamo mitengo.

Moto usiyeni

Apa ndinene mosapsatira, kutentha bracken ndi kumuthandiza. Moto umadya masamba ouma, umapha mbande ndi udzu womwe umapikisana naye, koma mizu ija pansi siimva kutentha, ndiye mvula yoyamba ikangogwa iye ndi woyamba kutuluka, pamalo poyera, pa phulusa, wopanda mnzake wolimbana naye. Malo ambiri omwe lero ndi bracken yekhayekha anafika pamenepo chifukwa cha moto wa chaka ndi chaka. Choncho sitepe yoyamba yeniyeni ndi kulambula njira yotchinga moto kuzungulira malo onse, cha mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, ndi kuikonzanso chilimwe chisanafike pachimake.

Kutchetcha, koma pa nthawi yake

Apa ndi pomwe pagona ntchito, ndiye ndichedwapo.

Nthawi yotchetcha musaione pa kalendala, muione pa chomeracho. Masamba akamatuluka amagwiritsa ntchito chakudya cha m'mizu. Akangomaliza kutambasuka amayamba kubweza. Inu mufike pakati pamenepo, tsamba litatambasuka pafupifupi lonse, kunsonga kokha kutatsala kopindika pang'ono. Nthawi imeneyo mizu yawononga zambiri ndipo siinalandire kanthu. Kwathu kuno izi zimachitika milungu ingapo mvula itakhazikika, nthawi zambiri cha mu Januwale, koma pomwe panapsa amafulumira. Mukatchetcha msanga kwambiri akadali tinsonga, mwangomudula pang'ono, atulutsa ena mawa lomwe. Mukachedwa mpaka masamba ayamba kufiira, mwagwira ntchito ya ulere, chakudya chapita kale pansi.

Tchetchani pansi penipeni ndi chikwakwa kapena chikwanje chakuthwa. Pakatha milungu 5 kapena 6 mudzapeza atulukanso, dikirani atambasuke ngati poyamba paja, mutchetchenso. Akatulukanso mvula isanathe, kachitatu. Kawiri pa chaka ndiye kochepetsetsa, kamodzi kokha mungokhala mukumumeta mpaka kalekale. Ndikudziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi ya kupalira ndi kubandira, manja onse ali kumunda, ndipo apa ndi pomwe makomiti ambiri amagwera. Njira yake ndi kusatenga malo aakulu. Bola theka la ekala lomwe mutchetche katatu chaka chilichonse kusiyana ndi maekala asanu omwe mudzawaone kamodzi n'kuwaiwala.

Pali njira ina yomwe ena amaikonda, m'malo modula mumangothyola kapena kuphwanya maphesi ndi ndodo kapena kukokapo chipika, tsamba n'kugona pansi lisanaduke. Likatero limapitiriza kukoka madzi ndi chakudya kuchokera kumizu koma osabweza bwino. Imagwira, ndipo ndi yachangu pozungulira mbande pomwe chikwakwa chingadule ndi mtengo womwe, koma siifika pa kutchetcha.

Kuzula ndi manja kumatheka pa kamalo kakang'ono, koma valani magolovesi, phesi lake likang'ambika limacheka chala mpaka magazi. Kukumba ndi khasu n'kutulutsa mizu kuti iume padzuwa ndi njira yamphamvu kwambiri pamalo athyathyathya pomwe mukufuna kuikapo nazale kapena kudzala mitengo mothithikana, chitani chilimwe, ndipo tolani tizidutswa tonse chifukwa kachidutswa kokhala ndi diso kamaphukanso. Pamtsetse osakumba.

Zotchetchazo musazisiye pamwamba pa mbande, komanso ziweto zisafikepo, bracken wofota poizoni wake amakhala akadalimo ndipo ng'ombe zimamudya mosavuta kuposa wamuwisi. Unjikani pamodzi ziole. Zikaolerana bwinobwino kwa miyezi yambiri zimasanduka manyowa abwino ndithu. China, masamba okhwima nthawi zina amakhala ndi kafumbi kofiirira kunsi kwake m'mphepete, ndizo njere zake, musamapume kameneko, ngati mukugwira ntchito nthawi imeneyo valani masiki.

Chaka choyamba musayembekezere zodabwitsa. Chachiwiri mudzaona masamba afupika, maphesi aonda. Chachitatu udzu ndi timitengo tayamba kuoneka pakati. Mukalekera pamenepo chifukwa zayamba kuoneka bwino, pakatha zaka zochepa wabwerera mwakale.

Mthunzi ndi womwe umamaliza

Bracken sapirira mthunzi wothithikana. M'nkhalango yomwe mitengo yakumana nthambi mumangopezeka apo ndi apo, wofooka. Ndiye kutchetcha konse kuja cholinga chake ndi kupatsa mitengo mpata kuti imupitirire. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma pamalo a bracken dzalani koyambirira kuti mbande zipeze mvula yonse. Sankhani mbande zazikulu, zolimba, osati tija tamasamba awiri. Lambulani bwalo la mita imodzi kuzungulira mtengo uliwonse, khomani kamtengo kotalika pambali pake kuti wotchetcha aziona, ndipo musatalikitse mipata kwambiri kuti nthambi zikumane msanga. Pomwe pali zitsa zamoyo za mombo, muwanga kapena mlombwa, zisamaleni kuposa mbande zogula, mizu yake ndi yakale, mukapatulira n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zimakula mwachangu.

Nanga mankhwala?

Alipo, koma ine ndimawaika kumapeto, ndipo si pamalo paliponse.

Mukasaka pa YouTube mupeza azungu a ku Britain akukamba za Asulox, mankhwala ake enieni ndi asulam, omwe amapha bracken osaononga mitengo yambiri. Musavutike nawo. Mayiko a EU anawachotsa pa mndandanda wa ololedwa mu 2011, ku Britain anapitiriza kwa zaka zingapo ndi chilolezo chapadera cha chaka ndi chaka kenako nakonso zinatha. Wina akakubweretserani botolo lopanda lebulo n'kumati ndi amenewo, mubwezereni.

Omwe amapezeka m'mashopu a zaulimi kuno ndipo amatsika mpaka kumizu ndi glyphosate, uja ambiri timangoti Roundup ngakhale ali ndi maina ambirimbiri. Vuto lake sasankha, chilichonse chobiriwira chomwe wakhudza chimafa, mbande zanu, udzu, timitengo ta msuku, zonse. Mankhwala ongowotcha masamba monga paraquat ndi kutaya ndalama, masamba apsa lero mizu ili gwa, kuonjezera apo paraquat ndi woopsa zedi, kakamwa kamodzi kokha munthu amapita.

Ndiye glyphosate ndi wa pomwe bracken wathithikana yekhayekha, musanadzale mitengo, kutali ndi madzi. Pomwe pali mbande, musapopere mwachisawawa, mwina muvindikire mbande iliyonse ndi ndowa kapena thumba pomwe mukupopera pafupi, kapena mupake mankhwala pamasamba a bracken ndi nsalu yomangirira kundodo, osadonthetsa.

Nthawi yake ndi yosiyana ndi yotchetcha, apa anthu amasokoneza. Popopera mukufuna masamba atatambasuka onse, obiriwira, asanayambe kufiira, nthawi yomwe akutumiza chakudya pansi, kuti mankhwala atsikire limodzi. Choncho malo omwe mwasankha kupopera musawatchetche nyengo imeneyo, ndipo mukapopera musatchetche kwa mwezi. Pamafunika maola osachepera 6 opanda mvula, zomwe mu Febuluwale ndi zovuta, ndiye ambiri zimawayendera cha mu Malichi mvula ikayamba kupereka mpata. Poperani m'mawa mame atauma, mphepo isanadzuke. Kukakhala mphepo, ingosiyani, mankhwala aulukira m'munda mwa mnzanu ndipo mlandu wa chinangwa chopsa kwa amfumu si wophweka. Zotsatira zenizeni mudzaziona nyengo yotsatira, pomwe masamba adzatuluke ochepa, ndipo otsalawo muwatchetche kapena kuwapaka, apo ayi pang'onopang'ono adzadzadzanso.

Madzi osungunulira akhale oyera. Glyphosate akakumana ndi matope amagwirana ndi dothi n'kutha mphamvu, ndiye madzi ofiira a mumtsinje wosefukira ndi omwe amapangitsa anthu kumati mankhwala ndi a feki pomwe vuto ndi madzi. A feki aliponso, n'chifukwa chake mugule kwa ogulitsa wokhala ndi laisensi, botolo lomata, lebulo yonse, deti yake isanathe, osati zothira m'mabotolo a fanta pa msika.

Kuyeza sipuleya

Ichi ndi chomwe chimasiyanitsa wophunzira ndi wongopopera. Lebulo imanena malita pa hekitala, koma inu muli ndi sipuleya ya kumsana ya malita 16, ndiye muthiremo angati? Anthu amangoti zivindikiro zitatu, kaya zinachokera kuti.

Chitani chonchi. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pa bracken yemweyo, ndiwo masikweya mita 100. Dzadzani sipuleya ndi madzi okhaokha mpaka pa mzere. Poperani malowo mmene mudzapoperere tsiku lenileni, mayendedwe omwewo, kapopedwe komweko, nozulo yomweyo. Mukamaliza yezani madzi omwe mwabwezeramo kuti afikenso pa mzere paja. Tinene kuti ndi malita 2. Hekitala ndi masikweya mita 10,000, ndiye mukuthira malita 200 pa hekitala, ndipo sipuleya imodzi ya malita 16 ikukwana masikweya mita 800. Tsopano ngati lebulo yanena, mwachitsanzo chabe, malita 4 pa hekitala, ndiye 4 kuchulukitsa ndi 800 kugawa ndi 10,000, yankho ndi 0.32, kutanthauza mamililita 320 pa sipuleya. Nambala ya 4 ndangoikapo kuti samu ioneke, yanu muitenge pa lebulo ya botolo lanu chifukwa mphamvu zimasiyana. Bwerezani kuyezako kawiri katatu, ndipo munthu aliyense ayeze yekha, mayendedwe a mnyamata wa zaka 20 si a bambo wa zaka 50. Ekala ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala, kwa amene mumawerengera maekala.

Kuonjeza mankhwala kuti afe msanga ndi kulakwitsa, masamba amapsa mofulumira mankhwala asanatsike kumizu.

Zovala: ovolo ya manja aatali, gambutsi thalauza ili kunja kwake, magolovesi a labala osati a nsalu, magalasi, masiki, chipewa. Mu bracken wotalika mumadutsa m'masamba onyowa ndi mankhwala, ndiye poperani cham'mbali kapena lambuliranitu tinjira toyendamo, osati kupopera kutsogolo n'kumalowa mommo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosakaniza, pomwe mankhwala ali osasungunula. Nozulo ikatsekeka osaipemerera ndi pakamwa, chonde. Osadya, osasuta, osamwa muli pa ntchito. Sipuleya yodontha kumsana ikonzeni kaye. Mukamaliza sambani ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana.

Botolo likatha tsukani katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya momwemo, kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira kapena thobwa. Sipuleya osakatsukira kumtsinje. Timitsinje ta kumtundaku timathera mu Bua, Kaombe ndi Dwangwa, ndipo mu Bua ndi momwe mpasa umakwera kukaswana. Ziweto zisalowe mpaka bracken atauma n'kuoleratu, ndipo uzani mudzi wonse kuti pamalo apo nyengo ino pasazulidwe bowa. Ngozi ikachitika, vulani zovala, sambani madzi ambiri, m'maso tsukani kwa mphindi 15, wakumwa mankhwala osamusanzitsa komanso osamupatsa mkaka, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo kuti adokotala awerenge lebulo.

Tsopano za pepala

M'mavidiyo a ku Britain aja mumva PA1 ndi PA6, amenewo ndi masatifiketi a kwawo, PA1 ya chidziwitso choyambira ndipo PA6 ya sipuleya ya m'manja ndi ya kumsana. Kuno sitiyendera zimenezo. Kuno nkhani zonse za mankhwala ophera tizilombo ndi udzu zili pansi pa Pesticides Control Board, PCB mwachidule, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la Pesticides Act la chaka cha 2000 ndipo likulu lake lili ku Bvumbwe. Iwowa ndi amene amalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno, amapereka zilolezo zoitanitsa kunja, malaisensi a ogulitsa ndi osunga, komanso a anthu opopera ngati bizinesi.

Siyanitsani zinthu ziwiri. Satifiketi ya maphunziro imangosonyeza kuti munaphunzira. Laisensi ndi chilolezo cha boma choti mugwire ntchitoyo molipidwa. Mlimi wopopera m'munda mwake safunsidwa laisensi, ngakhale maphunziro amafunikabe. Koma mukayamba kuyenda ndi sipuleya m'minda ya anthu n'kumalipiritsa, kapena mukufuna kontirakiti ku esiteti, ku bungwe lodzala mitengo, kapena kwa alimi a mzimbe a ku Dwangwa, pamenepo mwalowa bizinesi ndipo a PCB akukhudzani. Mabungwe akuluakulu sapereka ntchito yotere kwa munthu wopanda mapepala.

Poyambira ndi pafupi, kwa alangizi a zaulimi ku EPA yanu (dera lanu la zaulimi), kaya ndi Mwansambo, Zidyana, Linga kapena Nkhunga. Auzeni kuti mukufuna maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ndipo akulembeni dzina. Maphunziro oterewa amabwera kudzera ku ofesi ya zaulimi, ku mapulojekiti, ku makampani a mbewu ndi mankhwala, komanso bungwe lawo la CropLife Malawi. Nthawi zambiri amatenga anthu kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi, ndiye kupita ngati gulu, mwachitsanzo komiti ya nkhalango itasankha achinyamata awiri kapena atatu, kumathandiza kusiyana ndi kupita wekha. Sankhani odziwa kuwerenga ndi kupanga samu pang'ono, chifukwa malebulo ambiri ali m'Chingerezi. Ana ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa ntchito iyi si yawo.

Maphunziro enieni muwadziwe ndi zomwe akuphunzitsa: kuwerenga lebulo ndi zizindikiro zake, kuphatikizapo mzere wamtundu uja wa m'munsi womwe ukakhala wofiira ndiye kuti ndi oopsa kwambiri, kuyeza sipuleya ngati ndafotokozera pamwambapa, mitundu ya manozulo, kusakaniza, kusunga, kutaya mabotolo, chithandizo choyamba. Payenera kukhala kugwira sipuleya ndi manja anu, osati kungokhala m'holo kudikira alawansi. Ngati wina akukuuzani kuti mutumize ndalama pa foni satifiketi ibwera pa WhatsApp osaphunzira, ameneyo ndi wakuba.

Mukaphunzira, lumikizanani ndi a PCB mwachindunji kapena kudzera ku ofesi ya zaulimi ku boma, mufunse fomu ya laisensi ya opopera ndi mndandanda wa zomwe akufuna pa nthawiyo, popeza mitengo ndi zofunika zimasinthasintha. Konzekeranitu zinthu izi: chiphaso cha unzika, umboni wa maphunziro, mapepala a bizinesi ngati mwalembetsa, zida ndi zovala zokwanira aliyense wogwira nanu ntchito, ndi kachipinda kosungira mankhwala kokhoma, kopita mphepo, kosiyana ndi mogona anthu komanso mosungira chimanga. A PCB ali ndi ma inisipekitala omwe amayendera malo, ndiye kachipindako kakhale koona, osati kobwereka tsiku limodzi. Ndalama lipirani mwa njira yomwe ofesi yanena ndipo tengani lisiti. Laisensi imakhala ndi nthawi yake, ikatha mumakonzanso.

Kenako gulani kope. Ntchito iliyonse muzilemba deti, malo, kukula kwake, dzina la mankhwala, mamililita pa sipuleya, masipuleya angati, nyengo inali bwanji, anapopera ndani. Mwini munda akadzabwera kuti mankhwala anu sanagwire, kapena woyandikana naye akadzati mwamuwotchera mtedza, kopelo ndi lomwe lidzayankhe. Ndipo pa bracken muuzenitu kasitomala musanalandire ndalama yake kuti masamba ena adzatulukanso mvula ikubwerayo, mugwirizaniretu mtengo wa ulendo wachiwiri ndi woti adzatchetche otsalawo ndi ndani.